Thupi ndi Amana: Khutuba ya Ijuma pa za Kulimbitsa Thupi

KHUTUBA YOYAMBA

Kutamandidwa konse n'kwa Allah, amene adatipatsa miyendo yotifikitsa m'nyumba Yake ino, mtima wogunda usana ndi usiku popanda ife kuulamula, ndi mpweya umene sitiulipira. Ndikuikira umboni kuti palibe wopembedzedwa mwachoonadi koma Allah yekha, alibe wothandizana naye, ndipo ndikuikira umboni kuti Muhammad ndi kapolo Wake ndi Mtumiki Wake. Madalitso ndi mtendere wa Allah zikhale pa iye, pa akubanja kwake ndi pa Maswahaba ake onse.

Pambuyo pa izi: inu akapolo a Allah, ndikudzilangiza ndekha, ndipo ndikukulangizani inu, kuti timuope Allah pa zonse zimene adatisungitsa. Tikamva mawu akuti amana timaganiza za ndalama za mwini kapena chuma cha ana amasiye. Koma amana imene munthu amalandira asanalandire ina iliyonse ndi thupi lake. Sadaligule, sangalisinthanitse, ndipo pa Tsiku la Kiyama adzafunsidwa mmene adaligwiritsira ntchito.

Abale ndi alongo m'Chisilamu, tayang'anani kumapeto kwa mizere ya Swala m'mizikiti ya m'matauni mwathu, ku Lichinga, ku Cuamba, ku Tete. Mipando ikuchuluka chaka ndi chaka. Wodwala sakulakwa poswali chokhala. Imran bin Husain (Allah asangalale naye) atadwala, Mtumiki (S.A.W.) adamuloleza kuswali chokhala ngati sangathe kuimirira, ndi chogonera m'mbali ngati sangathe kukhala. Chilolezo chimenecho ndi chifundo cha Allah, ndipo palibe woyenera kuchita nacho manyazi. Chotidetsa nkhawa n'chakuti ena mwa okhala pa mipandoyo sadafike zaka 50. Agogo awo ankagwetsa mphumi pansi ali ndi zaka 80, n'kudzuka popanda wowagwira mkono.

Matenda a kuthamanga kwa magazi, amene kuchipatala amati tensão alta, adzaza m'makomo mwathu. Kafukufuku wa dziko lonse la Mozambique wa m'chaka cha 2005 adapeza kuti mwa anthu a zaka 25 mpaka 64, mmodzi mwa atatu aliwonse anali nawo. Patapita zaka khumi, chiwerengerocho chidakwera kufika pafupifupi 39 pa 100 aliwonse, ndipo amene ankadziwa kuti ali nawo sankakwana mmodzi mwa asanu. Nthendayi siipweteka, siigoneka munthu. Imaonekera tsiku limene bambo wagwa pa bafa, mkono ndi mwendo zafa, pakamwa papotoka. Pambali pake pali matenda a shuga, amene amatha maso ndi impso, n'kudulitsa miyendo.

Zifukwa zake n'zingapo: mchere, fodya, kunenepa, ndi magazi a kumtundu. Lero tiime pa chimodzi, ndicho kuleka kuyenda. Makolo athu sankadziwa mawu akuti masewera olimbitsa thupi, pakuti moyo wawo wonse unali ntchito ya thupi. Msodzi wa ku Metangula ankapalasa bwato ndi nkhafi. Lero ena amadalira injini. Mayi ankasinja mumtondo. Lero pali chigayo. Ulendo wa kumsika unali wa pansi kapena wa pa njinga yopalasa. Lero timaitana njinga yamoto ngakhale pa mtunda woti mwana angathamange osatopa. Zonsezi ndi mtendere wochokera kwa Allah, ndipo sindikunena kuti amayi abwerere ku mtondo. Koma ntchito imene makina alanda thupi iyenera kubwezedwa mwa njira ina, chifukwa thupi lidalengedwa kuti likagwiritsidwa ntchito lizilimba, likasiyidwa lizifooka.

Umboni wa zimenezi udaonekera bwino m'chaka cha 1953, pamene dokotala wa ku Britain, Jeremy Morris, adafalitsa zimene adapeza pakati pa ogwira ntchito m'mabasi osanja a mumzinda wa London. M'basi imodzi munali anthu awiri. Woyendetsa ankakhala pa mpando tsiku lonse, pamene wotolera ndalama, amene kuno timati cobrador, ankakwera ndi kutsika makwerero a basiyo kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Basi imodzi, msewu umodzi, mpweya umodzi, koma matenda a mtima ankagwira ndi kupha oyendetsa kwambiri kuposa otolera ndalama. Abale athu oyendetsa chapa ndi magalimoto a katundu, a m'maofesi, osoka zovala ndi okhala m'sitolo kuyambira Subuhi mpaka Magharibi, nkhaniyi ndi yanu.

Madokotala a Chisilamu adazindikira izi kalekale. Ibn Sina, amene adamwalira m'chaka cha 1037, polemba za kasungidwe ka umoyo m'buku lake la Al-Qanun, adaika kulimbitsa thupi patsogolo, kenako chakudya ndi tulo. Kwa iye, kulimbitsa thupi ndi kuyendetsa ziwalo mwadala mpaka mpweya utayamba kukoka mozama ndi mofulumira. Mawu akuti mwadala ndi akuti mpweya tiwasunge, chifukwa ndi amene amasiyanitsa kulimbitsa thupi ndi kungoyendayenda pabwalo.

Muyezo wake ndi wotani? Bungwe la za umoyo pa dziko lonse, limene m'Chipwitikizi timati OMS, mu malangizo ake a 2020 likuti munthu wamkulu azichita ntchito yokweza mpweya kwa mphindi 150 mpaka 300 pa sabata. Mphindi 150 ndi theka la ola masiku asanu. Sizifuna nsapato zodula kapena bwalo: kuyenda ndawala, kupalasa njinga, kusambira kwa amene ali m'mbali mwa nyanja. Chizindikiro chakuti mwafika pa muyezo woyenera n'chosavuta. Thupi lifunde, thukuta liyambe, muzitha kucheza ndi mnzanu koma musathe kuwerenga aya yaitali ndi madda ake mpweya umodzi. Mtima ndi mnofu. Ukamagwiritsidwa ntchito motere masabata angapo, umayamba kupopa magazi ambiri pa kugunda kumodzi, mitsempha imafewa, kuthamanga kwa magazi kumatsika, ndipo minofu imayamba kumwa shuga wa m'magazi mosavuta.

Msilamu ali ndi mwayi umene ena alibe, pakuti amaitanidwa kutuluka m'nyumba kasanu pa tsiku. A fuko la Banu Salima adafuna kusamukira pafupi ndi mzikiti wa ku Madina, koma Mtumiki (S.A.W.) adawalangiza kuti akhale kumene anali, popeza mapazi awo opita ku Swala ankalembedwa. Iye mwini ankapita ku Quba Loweruka lililonse, nthawi zina wapansi, nthawi zina pa chokwera. Komabe tisamale: tidaletsedwa kubwera ku Swala chothamanga, tiyenera kufika modekha. Choncho popita pitani mwaulemu, ndawala muichite pobwerera, ndipo ngati kwanu kuli pafupi, zungulirani njira yaitali. Kwa a ku Tete, kumene dzuwa silichita chibwana, nthawi yabwino ndi pambuyo pa Subuhi, kusanatenthe.

Ena amati Swala payokha ndi masewera okwanira. Mawuwa amamveka okoma, koma sindikugwirizana nawo. N'zoona kuti marakaa 17 a faradhi ali ndi sijida 34, ndipo munthu wogwada ndi kudzuka kochuluka chotero tsiku lililonse amasunga mawondo, chiuno ndi msana zili zofewa kuposa amene sagwada konse. Koma Swala siikweza mpweya kufika pa muyezo tanena uja, ndipo siidaikidwe chifukwa cha zimenezo. Sitiswali kuti tionde. Timaswali chifukwa Allah adatilamula. Ubale wa ziwirizi uli motere: timalimbitsa thupi kuti tidzathe kuimirira pa Tarawehe tili okalamba, ndi kuti amene Allah adzamuitane ku Haji adzathe kuzungulira Kaaba kasanu ndi kawiri, n'kuyenda pakati pa Safa ndi Marwa kasanu ndi kawiri, mtunda wokwana makilomita atatu, m'chikhamu cha anthu ndi m'kutentha. Ambiri amasunga ndalama za Haji zaka 20, koma miyendo yokachitira Hajiyo saisunga.

Kuyenda kokha sikukwanira, chifukwa palinso mphamvu ya minofu. Munthu akapitirira zaka 30 minofu yake imayamba kuchepa pang'onopang'ono, ndipo akapitirira 60 imachepa mofulumira. Chimene chimaika bambo pa mpando wa kumapeto kwa mzere kawirikawiri si mtima, koma ntchafu zimene zaleka kunyamula thupi lake. N'chifukwa chake malangizo aja akuwonjezera kuti masiku awiri pa sabata tizipatsa minofu katundu. Khalani pa mpando n'kuimirira osagwira kanthu, kakhumi, pumulani, mubwerezenso. Tsamirani khoma ndi manja, muzidzikankha. Nyamulani zigubu ziwiri za madzi za malita asanu, chimodzi dzanja lililonse, muyende nazo. Lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi, choncho mukudziwa katundu amene mwanyamula. Kwa opitirira zaka 65 pakufunikanso kuzolowera kusadzandira, masiku atatu pa sabata: kuima ndi mwendo umodzi pafupi ndi khoma, kuyenda chidendene chikugunda chala. Okalamba ambiri amene athyoka fupa la m'chiuno sabwereranso mumzikiti ndi miyendo yawo.

Tsopano mverani lamulo limene anthu ambiri amalakwitsa. Thupi silisintha chifukwa cha tsiku limodzi lalikulu. Limasintha chifukwa cha masiku ang'onoang'ono ambiri. Munthu amamva khutuba ngati ino, mawa lake n'kuthamanga makilomita khumi, mkuja n'kulephera kugwada pa Swala, basi nkhani yathera pomwepo. Mayi wathu Aisha (Allah asangalale naye) adatiphunzitsa kuchokera kwa Mtumiki (S.A.W.) kuti ntchito imene Allah amaikonda kwambiri ndi yopitirira, ngakhale ikhale yochepa. Lamulo la ibada limeneli ndi lomwenso thupi limamvera. Amene sadayendepo ayambe ndi mphindi khumi. Zikapepuka awonjezere zisanu. Akamakwanitsa kuimirira pa mpando kakhumi popanda vuto, afike pa 12, kenako anyamule chigubu pochita zimenezo. Katundu akapanda kuwonjezeka thupi limaima pamene lafika. Akawonjezeka mwadzidzidzi limavulala. Maria de Lurdes Mutola adapita ku mpikisano wa Olimpiki koyamba mu 1988 ali ndi zaka 15, koma mendulo ya golide ya mamita 800 adaitenga ku Sydney mu 2000, patapita zaka 12. Akuluakulu adati tsokonombwe adatha mtunda n'kudumpha.

Kupumula nakonso ndi mbali ya maphunziro a thupi. Mnofu sukula pa nthawi imene ukunyamula. Umakula pambuyo pake, munthu akadya ndi kugona. Choncho mnofu umene wagwira ntchito yolemetsa lero upatsidwe tsiku limodzi kapena awiri, ndipo munthu wamkulu asagone maola ochepera asanu ndi awiri. Abdullah bin Amr bin al-As (Allah asangalale naye) ali mnyamata ankasala tsiku lililonse ndi kuswali usiku wonse. Mtumiki (S.A.W.) adamuletsa, namukumbutsa kuti thupi lake, maso ake ndi mkazi wake zili ndi gawo lake pa iye. Abdullah adaumirira kuti ali ndi mphamvu. Atakalamba ankadandaula kuti akadalandira kupeputsidwa kuja. Ngati thupi lili ndi gawo lake ngakhale pa nkhani ya kusala ndi kuswali, nanga bwanji pa nkhani ya kunyamula zitsulo?

Wina m'mzere uno akuti: ine ndine mlimi, khasu ndiye masewera anga. Mukunena zoona, ndipo pa miyezi ya dzinja mumapitirira muyezo wa madokotala kutali. Vuto lanu ndi lina. Khasu limapinda msana mbali imodzi tsiku lonse, choncho muziwongoka kawirikawiri, ndipo ponyamula thumba la chimanga pindani mawondo, thumbalo likhale pafupi ndi thupi, msana uli chilili. Kumbukiraninso kuti mphamvu siisungika m'nkhokwe ngati chimanga. Mukakolola n'kukhala pa bawo miyezi inayi, imachoka, ndipo mvula yoyamba imakupezani ndi thupi la munthu wina. Komanso kulima sikuteteza munthu ku mchere: alimi nawonso amagwa ndi nthenda ya magazi ija.

Chotchinga chachikulu pakati pathu si kusowa nthawi koma manyazi. Bambo wolemekezeka akaoneka akuyenda ndawala, anthu amafunsa ngati galimoto lawonongeka. Mimba ikatsogola timati zinthu zikuyenda. Munthu akaonda timayamba kunong'onezana za matenda. Abale, mafuta a pamimba ndi amene ali pafupi kwambiri ndi matenda a shuga ndi a mtima, ndipo kunong'oneza za m'bale wako amene waonda ndi miseche, tchimo lodziwika. Mbewa ya manyazi idafera kuuna. Tsiku lina la Idi, Ahabasha, anthu a kuno ku Africa, ankasewera ndi nthungo zawo mumzikiti wa Mtumiki (S.A.W.). Umar (Allah asangalale naye) adafuna kuwaletsa, koma Mtumiki adamuuza kuti awasiye. Iye mwini adathamangapo mpikisano ndi mkazi wake Aisha pa ulendo, Aisha n'kupambana. Patapita zaka, Aisha atanenepa, adapikisananso, Mtumiki n'kupambana, namuseka kuti wabweza ngongole ija. Ndani mwa ife ali wolemekezeka kuposa iye?

Nkhani imeneyi ikutifikitsa kwa alongo athu. Mayi wa kumudzi amene amatunga madzi, kutola nkhuni ndi kulima safunika kuuzidwa za kuyenda. Iye akufunika mwamuna womulandira katundu. Koma mayi wa m'tauni amene amakhala pa benchi la malonda tsiku lonse, kapena amene satuluka m'mpanda, thupi lake lili pa ngozi yofanana ndi ya woyendetsa basi uja. Hijabu siiletsa kuyenda. Amayi angathe kuyenda awiri kapena atatu m'mawa, atavala modzilemekeza, ndipo mwamuna wanzeru amayenda ndi mkazi wake. Ngakhale mayi woyembekezera, ngati kuchipatala sadamupeze ndi vuto, amalimbikitsidwa kuyenda. Bambo amene amatsekera mkazi wake m'nyumba mpaka mawondo atafa, n'kumati ndi Chisilamu, abweretse umboni wake.

Ndanena mawu angawa, ndipo ndikupempha chikhululuko kwa Allah pa ine ndi pa inu, mupempheni chikhululuko.

KHUTUBA YACHIWIRI

Kutamandidwa n'kwa Allah, ndipo madalitso ndi mtendere zikhale pa Mtumiki Wake.

Akapolo a Allah, pali mawu amene Satana amawakometsa m'kamwa mwa waulesi: tsiku langa likakwana lakwana, ndiyende ndisayende. N'zoona kuti palibe angawonjezere ola limodzi pa nthawi imene Allah adamulembera. Koma amene adalemba mathero adalembanso njira zake, ndipo adatilamula kuzitsata. Umar atamva kuti ku Sham kwagwa mliri adabwerera panjira ndi gulu lake, ndipo atafunsidwa ngati akuthawa chikonzero cha Allah, adafotokoza kuti kumene akuthawirako nakonso ndi chikonzero cha Allah. Palibe mwa ife amene amasiya kulima ponena kuti riziki lidalembedwa kale.

Kwa anyamata athu amene mumanyamula zitsulo ndi simenti youmbidwa m'zitini, ndi amene mumasewera mpira madzulo: mukuchita bwino, pitirizani. Msilamu wamphamvu adayamikiridwa ndi Mtumiki (S.A.W.). Koma bisani thupi kuyambira pa mchombo mpaka m'mawondo, ndipo adhana ya Magharibi ikamveka mpira uime. Kubetcha pa mpira, kaya pabwalo kaya pa foni, ndi juga, ndipo juga ndi haramu. Mapiritsi ndi jakisoni zofufumitsa minofu zimene zimagulitsidwa mobisa zimawononga chiwindi, mtima ndi mphamvu ya kubereka. Chikomekome cha nkuyu, m'kati muli nyerere. Ndipo mkono umene mwaulimbitsawo ukakwezedwa pa mkazi, pa mwana kapena pa wofooka, mwataya zonse, pakuti Mtumiki adatiphunzitsa kuti mphamvu yeniyeni imaoneka pa kudzigwira munthu akakwiya. Makolo, ana a zaka 5 mpaka 17 amafunika ola lathunthu tsiku lililonse la kuthamanga ndi kusewera. Mwana wochoka kusukulu kupita ku madrasa, kuchoka ku madrasa kupita pa foni, walandidwa gawo lake.

Miyendo siingakonze zonse zimene pakamwa pawononga. Botolo limodzi la chakumwa chotsekemera lili ndi shuga wokwana masupuni ang'onoang'ono asanu ndi atatu kapena kuposa, ndipo kuti thupi liwotche zimenezo pamafunika kuyenda ndawala pafupifupi theka la ola. Mchere woyenera munthu wamkulu pa tsiku sufika magalamu asanu, ndiko kuti supuni yaing'ono imodzi, kuwerengera ndi umene uli kale mu caldo, mu buledi ndi mu bakayawo. Malangizo a Mtumiki (S.A.W.) ogawa mimba patatu, chakudya, madzi ndi mpweya, timawadziwa tonse, timangowaiwala mbale ikafika. M'mwezi wa Ramadan musaleke kuyenda, koma chepetsani, ndipo sankhani nthawi yoyandikira futari kapena pambuyo pa Tarawehe, n'kumwa madzi okwanira kufikira daku. Wodwala shuga akaonane ndi achipatala mwezi usanayambe.

Amene muli kale ndi matenda a mtima, a shuga kapena a kuthamanga kwa magazi, kulimbitsa thupi n'kwanunso, koma yambani mwafunsa kuchipatala, ndipo musasiye mankhwala chifukwa choti mwayamba kuyenda. Kuphwanya kwa minofu kumene kumabwera tsiku lotsatira n'kozolowereka ndipo kumatha kokha. Koma kupweteka kapena kuthina pa chifuwa, chizungulire, kubanika kosagwirizana ndi ntchito imene mukuchita, kapena ululu wobaya m'bondo, zimenezo ndi zokuuzani kuti imani, mukaonedwe. Ndipo aliyense wamkulu amene sadayezetse magazi ake chaka chino apite sabata ino ku chipatala chapafupi. Kuyeza kwake sikutenga mphindi zisanu. Nambala zikafika 140 pa 90 kapena kupitirira, pa masiku osiyana, imeneyo ndi nthenda yofunika chithandizo ngakhale musakumva kupweteka paliponse.

E, Allah, tipatseni umoyo m'matupi mwathu, m'makutu mwathu ndi m'maso mwathu. Chizani odwala athu amene ali m'zipatala ndi m'makomo, limbitsani mawondo a okalamba athu, ongolani mphamvu za anyamata athu, ndipo khululukirani makolo athu amene adatsogola. Tipatseni mvula ya madalitso ndi mtendere m'dziko lathu la Mozambique. Madalitso ndi mtendere zikhale pa Mtumiki Muhammad, pa akubanja kwake ndi pa Maswahaba ake onse.

Imirirani, tiimike Swala.